Walira Mvula, Walira Matope

Amene anayamba kunena kuti walira mvula walira matope sankaidziwa Patreon, koma mlembi wamakono anamuonera patali. Kwa zaka zambiri alembi ankadandaula kuti makampani osindikiza mabuku amawadyera masuku pamutu, ndipo ankalakalaka atamalandira ndalama kuchokera kwa owerenga enieniwo. Mvulayo inagwa mu 2013, pamene woimba Jack Conte ndi mnzake Sam Yam anayambitsa Patreon ku America. Wowerenga amalonjeza dola imodzi kapena zisanu, ndipo mwezi ukatha ndalamayo imachoka yokha pakhadi lake la kubanki.

Ena inawagwera bwino. Mu 2016 Mayi N. K. Jemisin anapempha owerenga awo kuti asonkhe, ndipo anasonkhadi mpaka mayiwo anasiya ntchito yolembedwa n'kuyamba kulemba tsiku lonse. Mphotho ya zolembalemba ya Hugo anaitenga zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2016 mpaka 2018.

Tsono matope. Kale bwana anali mmodzi, wotchedwa mkonzi, ndipo ankaweruka madzulo. Lero mabwana alipo mazanamazana, m'maiko osiyanasiyana, kotero kuti wina akamagona wina akudzuka ndi funso. Wolongolola kwambiri, sindikudziwa chifukwa chake, amakhala wa dola imodzi uja. Akufuna mutu watsopano wa nkhani Lachisanu. Akufunanso chithunzi cha mphaka wa mlembi. Sanakondwe kuti munthu amene ankamukonda m'nkhanimo wafa, ndiye akupempha kuti auke. Mlembi akagwidwa ndi chimfine amayamba wapepesa kaye kwa onse, ndipo tsiku limene akanalemba bukulo limathera polemba kalata yofotokoza chifukwa chimene bukulo lachedwera.

Eni nsanja nawonso sagona ndi njala. Substack, nsanja ina yonga Patreon, imatapapo 10 peresenti pa ndalama zimene owerenga apereka. Mu Disembala 2017 Patreon inalengeza kuti wopereka aziwonjezera 2.9 peresenti ndi masenti 35 pa chopereka chilichonse. Dola imodzi inasanduka $1.38, opereka zochepa anayamba kuthawa, alembi analira mokweza, ndipo patangopita masiku ochepa kampaniyo inapepesa n'kusiya ganizolo. Apa m'pamene zinaoneka kuti wolongolola wa dola imodzi uja ndi amene amalipira lendi.

Koma bwana amene mlembi aliyense amamupempherera ndi wina: uja anaiwala kalekale kuti analembetsa. Safunsa za mphaka, sawerenga n'komwe, ndipo amapereka mokhulupirika mpaka tsiku limene khadi lake lidzathe ntchito.