Bwalo la agogo pa mlandu wosakaza mawu

Adzukulu anga nonse, khalani pansi, mafoni muwagoneke chafufumimba. Bwalo lakhala. Woweruza ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo apilo kulibe.

Mlandu wanu ndi wosakaza mawu. Chingerezi sindidana nacho ayi, ndinachiphunzitsa m'kalasi makolo anu asanabadwe. Chandiwawa n'chakuti mwalowa m'nkhokwe ya azungu, mwatapamo mawu olemera aja eni ake anasungira tsiku la chipasupasu, n'kumawamwaza pabwalo ngati gaga wa nkhuku.

Ndiyambe ndi iwe wa kukoleji. Unalemba pa WhatsApp ya banja kuti uli "devastated". Mayi ako anasiya mphika pamoto, ine ndinayamba kufunafuna nsapato za kumaliro. Titafunsitsa, akuti bandulo yatha filimu ili pakati. Mawu amenewo, mwana iwe, anachokera ku Chilatini, ndipo ankanena dziko limene ankhondo adutsamo: minda yotenthedwa, midzi yasanduka mabwinja, palibe ndi galu yemwe wouwa. Tandiuza, pa iwe chasanduka bwinja n'chiti? Masaya ako ndikuwaona, ali phwii.

Mnzako wampira uyu mlandu wake ndi waukulu. Timu yake ikagonja amabwera atanyamula manja kumutu, akuti "atipanga decimate". Kale ku Roma, gulu la asilikali likathawa nkhondo kapena kugalukira, akuluakulu ankachita maere, ndipo pa amuna khumi aliwonse mmodzi ankaphedwa ndi anzake omwe. Mawuwo anabadwira pamenepo. Ine mpira wa Bullets ndi Wanderers ndauonera kuyambira kale, ndipo ukatha ndimawerenga osewera. Onse amatuluka amoyo, ena mpaka amasinthana majezi.

Nanga "disaster"? Eni ake ankakhulupirira kuti nyenyezi ikakhala poipa tsoka limagwa padziko, ndiye mawuwo amanena nyenyezi yatsoka. Kuno kwathu amene ali ndi mphamvu yolengeza zimenezi ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo amatero midzi ikakokoloka kapena chilala chikapsereza minda. Koma m'nyumba muno muli mtsikana amene amalengeza kawiri pa sabata: lero mesh sinakhale bwino, mawa telala wafupikitsa diresi. Boma lako ndi liti, mayi?

Tsopano nditsitse mawu, pakuti amene atsalawa ndi amene andisowetsa tulo. Mumati muli "overwhelmed". Poyamba penipeni mawuwa ankanena chinthu chogudubuzika n'kuvundikirika, monga bwato limene mafunde alitembenuza, madzi n'kulikwirira. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inakumana ndi mwera kumpoto kwa nyanja yathu, chakufupi ndi Chilumba. Inatembenuzika n'kumira ndi anthu 145. Chaka chomwecho mu December, napolo anatsika m'phiri la Zomba, kugumula milatho ndi nyumba. Makolo athu posimba zimenezi sankachulukitsa zonena. Ankangoti "madzi anatenga anthu", n'kukhala duu.

Njala ya 1949 ankaisimba chimodzimodzi. Anthu a ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre anadya mizu ya kutchire, abambo anapita kukasuma kutali, ena osabwerera, kaya anafera panjira kaya anakakwatira kumene kunali chimanga. Mayi anga ankati "chaka chija tinaona zakuda", basi. Mu March 1991 miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kukwirira anthu mazanamazana. Amene anapita kukathandiza anabwerako osafuna nsima.

Zimenezo mukhoza kunena kuti n'zakale, agogo ayamba nthano. Chabwino. Nanga namondwe wa Freddy simunamuone ndi maso anu? Mu March 2023 phiri la Soche linasanza matope usiku, nyumba za ku Chilobwe zinapita ndi anthu ali m'tulo. Dziko lonse linataya anthu oposa 1,000, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo a Chakwera, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analamula masiku 14 olira maliro. Ndinayang'ana pa foni kuti ndione adzukulu anga ophunzira alemba zotani pa tsoka lotere. Wina analemba "so sad". Wina anaika kankhope kachikasu kotuluka misozi. Mawu akuluakulu aja munali mutawatha kale pa Arsenal ndi pa batire la foni, tsiku lake litafika m'thumba munalibe kanthu.

Pamenepa wina ayankha kuti chinenero chimasintha, azungu enieniwo amanenanso "ruined" tiyi akazizira. Ndikudziwa. Iwo asakaze zawo, agogo awo akawadzudzule kwawo. Ine ndikuweruza a m'nyumba mwanga. Ndiponso musaganize kuti Chichewa n'chosauka pa nkhani ya mavuto. Tili ndi masitepe ake. Munthu amayamba ndi kudandaula, kenako amathedwa nzeru, kenako amagwira njakata, kenako amasowa mtengo wogwira. Akati madzi afika m'khosi, abale amasiya makasu kumunda n'kuthamanga. Akafuula kuti "ndatha ine!" mudzi wonse umatuluka ndi miuni. Munthu wamkulu sadumpha masitepe amenewa. Inu mumayambira pamwamba penipeni, m'mawa musanasukusule n'komwe.

Chimene ndikuopa ndi ichi, ndipo apa sindikuseka. Pakati panu pangakhale mmodzi amene akumiradi. Sukulu anamaliza, ntchito palibe, katapila wamukola, usiku sagona, ndipo maganizo oipa ayamba kumuyendera. Anyamata otere tikuwaika m'manda masiku ano, aliyense n'kumati sitinadziwe. Tsono ngati nonse khumi mufuula "depressed" chifukwa kwacha ndi mitambo, ine nkhalamba ya makutu ogontha ndimuzindikira bwanji amene akunena zoona? Ameneyo bwalo lino silikumuzenga mlandu. Abwere nthawi iliyonse, usiku kapena usana, anene m'Chingerezi kapena m'Chichewa kapena angokhala chete pakhonde, ndimva. Kuchipatala tipita limodzi.

Winanso amene ndamumasula ndi mchemwali wanu namwino. Nthawi ya kolera ija, mliri umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, ankagwira ntchito m'tenti odwala atagona mpaka pansi. Atabwera kudzationa ndinamufunsa kuti kuntchito kuli bwanji. Anati, "Kwachuluka anthu, agogo." Ameneyo ndamupatsa chilolezo cha mawu onse a m'dikishonale, awatchule mmene angafunire. Chodabwitsa n'chakuti sawafuna.

Enanu imirirani mumve chigamulo. Wonena "devastated" nyumba yake ili chiimire, alipe nkhuku imodzi. Wolengeza "disaster" asanasankhidwe ndi anthu pa chisankho, nkhuku ziwiri. Wa "decimate" akalime mizere khumi kudimba kwanga, wakhumiwo aubwereze kuti aphunzire kuwerenga. Wonena kuti moyo wake uli "ruined" chifukwa chibwenzi chawerenga uthenga osayankha, ameneyo sindimulipitsa kanthu, angobwera ndimuonetse amalume ake amene anakanidwa ndi atsikana a midzi itatu koma lero ali ndi mimba ngati mfumu.

Pali mawu amodzi okha amene ndakulolani, "stress", chifukwa ndaona kuti mukawasiya mudwala. Muziwatchula kamodzi pa tsiku, mutadya kale.

Nkhuku zifike Loweruka lisanathe. Zoyera za m'khola la magetsi zija sindilandira, ndikufuna zalokolo, zakuti mano anatha ndi nkhani yanga. Iwe wamng'ono, kanditengere madzi akumwa, kukhosi kwauma ndi kuweruza.