Safunsa wa ku Tegeta ndi phula lake

Akale anati safunsa anadya phula. Safunsa wa masiku ano amafunsa usana ndi usiku, kungoti amene amamufunsayo ndi foni.

Tiyerekeze Mnyasa wa ku Tegeta, mmodzi wa aja osamalira nyumba ndi maluwa a mabwana kumpoto kwa Dar es Salaam. Tsiku lina mtima wamuuza kuti adziwe kumene makolo ake anachokera. Walemba "Phiri" pa Google, ndipo foni yamukhuthulira abale odzaza Kasungu, Chipata ndi Tete, oimba ndi osewera mpira omwe. Chimene foniyo siimuuza n'chakuti kwa Achewa mbumba imawerengedwa kuchikazi. Wodziwa amene anabala yani ndi amalume, ndipo amalumewo pa Facebook palibe.

Ndiye Lamlungu wakwera basi ya ku Bagamoyo kukalira makolo amene anagwidwa ukapolo. Misozi ndi yoona, koma doko walakwitsa. Akapolo ambiri amene a Jumbe ankawawolotsa nyanja kuchokera ku Nkhotakota kuyambira m'ma 1840 ankawatengera ku Kilwa, makilomita pafupifupi 300 kummwera kwa Dar es Salaam. Komabe ku Bagamoyo mbale alipo, akanafunsa. James Chuma, Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula anthu mu 1861, anafika kumeneko mu February 1874 limodzi ndi mnzake Susi atanyamula mtembo wa David Livingstone kuchokera kwa Chitambo. Miyezi isanu ndi inayi ali pa ulendo, wapansi. Mnzathuyu wayenda ola limodzi ali chikhalire, koma akudandaula kale msana.

Chodabwitsa n'chakuti mabwinja enieni ali kuseri kwa khomo lake. Ku Kunduchi, ulendo waufupi pa bajaji kuchokera ku Tegeta, kuli mzikiti wakugwa wa zaka pafupifupi 500 ndi manda a miyala ya m'nyanja a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ena okhala ndi zipilala zazitali. M'makoma a mandawo anamatamo mbale zadothi zochokera ku China, kuti wodutsa aliyense aone kuti wagona apa sanali munthu wamba. Anthu amenewa ankadziwa kusunga mbiri ya banja popanda bandulo. Mbale zambiri zinazulidwa ndi anthu a manja aatali, pangotsala maenje ozungulira, koma zina zikuonekabe, zoyera za maluwa abuluu. Mukamufunsa Safunsa za Kunduchi, akuuzani za Wet 'n' Wild, kumene ana a abwana amakasambira.

Chipululu nacho amachisirira pa YouTube, ngamila ndi milu ya mchenga. Chonsecho fumbi la malole opita ku fakitale ya simenti ya Twiga pa Wazo Hill, imene inayamba ntchito mu 1966, limamukwanira m'mphuno tsiku lililonse, ndipo maenje a miyala a ku Kunduchi dzuwa likakwera amawamba munthu mokwanira, osalipira viza.

Phula lalikulu walidyera pa Mwenge, pamsika wa osema. Amakonde kumeneko amasema chiboliboli chotchedwa ujamaa: tsinde limodzi la phingo, anthu ambirimbiri atakwerana pamapewa, wina wasenza mtsuko, wina wabereka mwana, pamwamba pali kholo. Wogulitsa wamuuza kuti uwu ndi mtengo wa banja. Safunsa wanenerera mtengo, walipira, waika pamwamba pa TV, ndipo alendo akabwera amawalozera agogo ake. Ntchito ndi yaluso, palibe angatsutse, koma agogowo ndi a ku Mtwara.

Pamapeto pake waimbira amalume pa WhatsApp, kudzera pa foni ya mphunzitsi wa pamudzi. Amalume amvetsera funso lonse mofatsa, natsokomola. Ati mayina onse akuwadziwa, mpaka agogo a agogo, ndipo awatchula limodzi limodzi tsiku limene muphwa wawoyo adzatumize ndalama ya feteleza imene analonjeza chaka chatha.