Go, went, gone: mneni wosamva malamulo

Ku Ntaja, mphunzitsi wa Sitandade 5 analemba pa bolodi: walk, walked, cook, cooked. Kenako analoza kamtsikana kokhala kumbuyo.

"Iwe, nanga go?"

"Goed, aphunzitsi."

"Ayi, ndi went."

Kamtsikanako kanayang'anitsitsa bolodi. "Aphunzitsi, mu went mulibe g, mulibenso o. Ndi mwana wa go zoona ameneyu?"

Mphunzitsi anafotokoza kuti went anali wa mneni wina, wend, wotanthauza kukhota kapena kulowera kwina. Cha m'ma 1400 Angerezi anamubwereka n'kumupatsa go, mawu omwe go anali nawo kale n'kuiwalika, ndipo mpaka lero sanamubweze.

"Basi ndamva," kanatero kamtsikana. "Zili ngati khasu la agogo lomwe anabwereka amalume."

*

Pa Mangochi Turn-off ku Liwonde, minibasi ya ku Balaka inali ikuliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso m'mbuyo. Kondakitala ali pakhomo: "Yopita iyi! Watsala munthu mmodzi!"

Dzuwa linafika paliwombo, munthu mmodziyo osakwanabe. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, thukuta lili kamukamu pampando wakumbuyo, anatopa nazo.

"Achimwene, mneni ameneyu amasintha katatu: go, went, gone. Inu chikwerereni ine, muli pa go pomwepo!"

Kondakitala osatekeseka: "Pepani madala, ife tinalekezera Sitandade 4. Went sitinafikepo. Mwina tiphunzira ikadzadza."

*

Bambo wina wa ku Ulongwe anabwera kuchokera ku Joni ndi jekete lachikopa, magalasi akuda ndi Chingerezi chodzadza m'kamwa. Atadya nsima, mayi wa kunyumba anafunsa: "Abambo, nanga ndalama za malata zija?"

Bambo anatambasula manja. "Gone."

Mnyamata wawo wa Fomu 4, yemwe amagonera mabuku podziwa kuti wolephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE, analowererapo.

"Ababa, mwaphonya pang'ono. Gone sayenda yekha. Timati has gone kapena have gone. Nthawi zonse pamakhala womuthandiza."

Mayi anaika mbale pansi, n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Ndimadziwa ine kuti sizinapite zokha! Mwana wanga, afunse bambo akowa m'Chingerezi chomwecho: womuthandizayo ndani, ndipo amakhala Joni ya mbali iti?"