Nkhuyu ya $1.56 miliyoni

Aliyense amene anakulira pafupi ndi mkuyu amadziwa kuti nkhuyu siiponyedwa m'kamwa mwachisawawa. Umayamba waing'amba pakati ndi zala, n'kusuzumira, n'kuuzira kangapo, chifukwa yofiira bwino kunja ija ndi imene imakhala italandira kale alendo. Makolo ataona zimenezi anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu wakhala ukugwira ntchito yake mokhulupirika, kuchenjeza mnyamata wothamangira nkhope kapena namwali wotengeka ndi suti yobwereka. Koma makolowo sanalote n'komwe kuti kudzabadwa anthu ogula nkhuyu ndi chuma cha mudzi wonse, atalumbiriratu kuti sadzaing'amba mpaka kufa.

Anthuwo alipo, ndipo kusukulu anapitako. Pa 11 July 2021 kampani ya okushoni ya Heritage Auctions, ya ku Dallas m'dziko la America, inagulitsa gemu ya Super Mario 64 pa $1.56 miliyoni. Gemu yake ndi ya 1996, ya pa makina a Nintendo 64, ndipo inapangidwa yambirimbiri, moti yogwiragwira kale mukhoza kuipeza pa mtengo wa kambuzi. Chimene chinadula ndi kapulasitiki kokutira katoni, kamene kanatha zaka 25 osang'ambidwa. Masiku awiri m'mbuyo mwake The Legend of Zelda ya 1987 inali itapita pa $870,000, ndipo mwezi wotsatirawo Super Mario Bros. ya 1985 inafika pa $2 miliyoni. Wogulayo sasewera. Atangoyerekeza kung'amba, ndalama zambiri zauluka pomwepo. Amangoikhazika pa shelefu n'kumaiyang'ana, kukabwera alendo n'kuwaitana kuti nawonso adzayang'ane.

Tsono chikutiro chikadula kuposa katundu, akamberembere amalawirira. Munthu amagula gemu yakale yotsegula kale koma ya katoni yooneka bwino, n'kuipukuta, n'kuikuta ndi pulasitiki watsopano, n'kuiwomba ndi mpweya wotentha mpaka atagwira. M'katimo akhoza kuponyamo chilichonse cholemera mofanana, pakuti wogula wake analumbira kale kuti sadzatsegula. Kenaka chithunzi pa eBay, chojambulira chapatali pang'ono, kumbuyo kwa katoni osaonetsa. Zina zinakutidwanso kalekale ndi masitolo amene ankalandira gemu yobwezedwa n'kuibwezera pa shelefu ngati yatsopano, moti wogulitsa wa lero akhoza kukunamizani iyenso ali wonamizidwa.

Odziwa za malondawa amathamangira pa msoko. Magemu ambiri a Nintendo oyambirira a ku America ali ndi msoko wodutsa chopingasa kumbuyo kwa katoni, umene ukakumana ndi misoko ya m'mbali umapanga chilembo cha H. Ambiri a ku Ulaya ali ndi kalamba kong'ambira kolembedwa dzina la Nintendo. Pulasitiki wa kufakitale amagwira mofanana ponseponse, pomwe wa kuseri kwa nyumba amaunjikana m'makona, pena n'kupserera. Umboni wosakanika, komabe, umakhala pansi pa pulasitikiyo: fumbi, chidindo cha chala, ulimbo wotsalira pomwe anamatula kapepala ka mtengo. Katoni imene inatsegulidwapo imakhala ndi kamzere koyera popindikira chivundikiro, chifukwa utoto unasweka. Ena amapezamo ndi tsitsi lomwe, ngati kuti ku Nintendo ankametera pafupi ndi makina.

Ndikamva zonsezi ndimaona kuti ku Kasina kuli akatswiri ambiri amene dziko silikuwalipira. Taonani mayi wa kwa Kaphuka akugula feteleza kwa venda, mitambo ya November itayamba kuda. Thumba la makilogalamu 50 lija saliyamikira ayi. Amaligubuduza, n'kugwada, n'kuyendetsa chala pa msoko kuyambira uku mpaka uko. Makina a kufakitale amasiya mzere umodzi wa timabowo. Thumba lofumulidwa n'kusokedwanso limakhala ndi mizere iwiri, ulusi wake woyera moposa thumba.

“Ndi orijino ameneyo, mayi. Dzina simukuliona?”

“Dzina ndaliona, achimwene. Tangomasulani pakonapa.”

Venda akayamba kudandaula kuti thumba lomasula silidzagulidwanso, mayi amakonza chitenje n'kumapita. Akalola, amatapa wobereketsa pang'ono kuchokera pakatikati, osati pamwamba, n'kuthira m'botolo la madzi, n'kukhutchumula. Urea amasungunuka yense. Mchenga wa mumtsinje wa Linthipe sudziwa kusungunuka, umangokhala pansi phee, kuyang'anizana ndi mwini katundu. Ku mbewu nakonso n'chimodzimodzi: chimanga cha m'nkhokwe chimapakidwa utoto, n'kulowa m'paketi ya dzina lodziwika yomatidwa ndi moto, ndipo amene sanayang'ane pomatapo amadzaona zotsatira zake m'munda, nthawi yobwezera itapita. Ifenso a ku Dedza tisadziyeretse kwambiri. Ndowa ya kachewere ya m'mbali mwa msewu wa M1 ili ndi mwambo wake wosanja, akuluakulu pamwamba, ana pansi.

Ngakhale okushoni timaidziwa. Ku Kanengo belo la fodya siligulidwa lotseka. Amalifumula, ogula n'kupisa dzanja mpaka pakati, chifukwa anaphunzira kalekale kuti masamba okoma amakonda kugona kunja. Belo likapezeka ndi zosakaniza limabwezedwa, mlimi n'kubwerera kumudzi ndi nkhani yovuta kufotokoza.

Chasintha n'chakuti msika wasamukira m'foni, momwe chala sichifika. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli mafoni a m'pepala okhaokha, palibe ndi imodzi yomwe imene inagwiridwapo. Wogulitsa amakutchulani bwana kawiri m'chiganizo chimodzi, n'kunena kuti mutumize theka pa Airtel Money kapena Mpamba, iye aikweza minibasi, inu mukailandirire pa Linthipe. Ikafika, ngati yafika, katoni imanyezimira ndithu. Apa nzeru za mayi wa feteleza zimagwirabe ntchito: yang'anani ngati tizomata totsekera katoni sitinamatidwe pamwamba pa tinzake, ngati m'kabowo kotchajira mulibe fumbi la m'thumba la munthu wina. Mukaiyatsa imbani *#06#, muone ngati nambala ya IMEI yotulukayo ikufanana ndi yolembedwa pa katoni. Zikasiyana ndiye kuti foni ndi katoniyo zangokumana panjira. Theka lotsalalo musatumize musanachite zimenezi, ngakhale atakutchulani bwana kachitatu.

Ubwino wathu ndi umenewo, kuti timatsegula. Feteleza amathiridwa, foni imayatsidwa, ndipo bodza limakhala ndi tsiku lake lothera. Wosunga gemu alibe botolo la madzi. Chinthu chokhacho chimene chingamuuze zoona ndi chimene chingamugwetsere chuma chake, choncho amasankha kugona ndi chikayiko kusiyana n'kudzuka ndi katoni wamba.

Anzathuwo anayesa kupeza ankhoswe. Kunabwera makampani monga Wata Games, yomwe inayamba mu 2018, ndi Video Game Authority, amene umawatumizira gemu, iwo n'kuunika misoko ndi makona, n'kuipatsa malikisi, n'kuitsekera m'kabokosi kolimba koonekera m'kati. Super Mario 64 ija inakhoza 9.8 pa 10, pulasitiki wake n'kupeza A++, malikisi amene ana athu a ku pulayimale akanawabweretsa tikanapha nkhuku. Ndiye kuti tsopano pali pulasitiki woteteza pulasitiki, ndipo wogula akukhulupirira munthu amene nayenso sanaone m'kati. Mu 2022 makasitomala ena anaisumira Wata ku khoti ku America, ponena mwa zina kuti inathandiza kukweza mitengo mwadala. Nkhoswe nayo inayamba kufuna nkhoswe.

Mmodzi wotchuka amene analimba mtima n'kutsegula ndi Logan Paul wa pa YouTube. Kumapeto kwa 2021 analengeza kuti wagula katoni yosatsegula ya makadi a Pokémon oyambirira pa $3.5 miliyoni, yotsimikizidwa ndi kampani ya Baseball Card Exchange. Anthu a pa intaneti atayang'anitsitsa zithunzi anayamba kung'ung'udza za tepi ndi zolembedwa pa katoniyo, mpaka mu January 2022 mnyamatayo ananyamula katundu wake kupita ku Chicago kuti akatsegulire pamaso pa omwe anatsimikizawo. Anadula tepi, n'kutulutsa timakatoni ta m'kati, n'kung'amba kamodzi. Munali makadi a G.I. Joe, a zidole za asilikali. Mkulu wa kampani yotsimikizayo anali chiimire pomwepo, kamera ikujambula.