Mpira wafewa, waphwetsa ndani?

Anyamata athu a ku Chileka anapita kukasewera ku Lirangwe, mphoto yake mbuzi. Eni bwalo atangochinya chigoli chimodzi, mpira unayamba kufewa ngati papaya lakupsa. Goloboyi wathu akaumenya ndi mphamvu zonse, unkangoti phwa! n'kugwera pamphuno pake pomwepo. Mkulu wosunga mpira, pampu ya njinga ili m'khwapa, analumbira kuti, "Abale anga, ndi minga ya pabwalo pano." Ife tinati waphwetsa dala. Anyakwawa anaufinya mpirawo, kumuyang'ana mkuluyo, n'kugamula kuti, "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina." Mbuzi inagona ku Lirangwe.

Ndinkayesa kuti watilepheretsa kupeza chilungamo ndi umphawi, mpaka nditamva za ku America. Kumeneko kuli mpira wawo wosongoka uku ndi uku, woponya ndi manja, womwe ukafewa pang'ono umagwirika bwino pamvula. Pa 18 January 2015, New England Patriots inakwapula Indianapolis Colts 45 kwa 7. Panthawi yopuma, mipira 11 ya Patriots inapezeka ndi mpweya wosakwana muyeso wa lamulo. Mlandu unabuka.

Akatswiri ena a sayansi anati kukazizira mpira umafewa wokha. Imeneyo ndiyo minga ya Azungu. Koma kamera inaonetsa wantchito wina wa Patriots akulowa ndi thumba la mipira m'chimbudzi, n'kutulukamo patatha mphindi imodzi ndi masekondi 40. M'mauthenga a pafoni, iyeyu ankadzitcha "wophwetsa". Timu yake inati ayi, munthuyo ankanena zochepetsa thupi. Nayenso Tom Brady, katswiri woponya mpira wa timuyo, analamula kuti foni yake iphwanyidwe, ati ndi mmene amachitira akagula yatsopano. Kwathu kuno foni yakale imapita kwa mlamu.

Loya Ted Wells, amene anafufuza mlanduwu, analemba masamba 243, ndipo mfundo yake inali yakuti mwina Brady ankadziwa za kuphwetsa mipiraku, ndipo "mwina" ameneyu akulemerako kuposa "mwina ayi". Brady anaimitsidwa masewero anayi, timu inalipa madola 1 miliyoni. Chonsecho mipira itapopedwa bwino, Patriots inapeza mapointi 28, Colts osapeza kanthu. Mpweya anauyeza ndi makina, koma cholinga cha munthu chinakana kukwera pasikelo. Zimene Wells anafufuza miyezi yoposa itatu, anyakwawa athu anazinena asanamalize n'komwe nzimbe yawo.

Mtsinje wa Lunzu timaoloka pamlatho popita ku Lirangwe, koma wopita ku mtima wa wosunga mpira uja palibe anaumanga. Ndiye chaka chamawa a ku Lirangwe akubwera kwathu ku Chileka. Pampu tagula yathu, ndipo singano yake ndisunga ndine. Pabwalo pathu minga iliponso yambiri.