Alauli a Chuma a ku Malingunde

Zamveka kuti m'chaka cha 2015 anthu ophunzira a ku University of Pennsylvania, atasanthula mawu a anthu oposa 5,000 pa Twitter, anapeza kuti makina angathe kulosera malipiro a munthu poona zimene amalemba. Koma ife a kuno ku Malingunde, kumene madzi a m'damu la Kamuzu amachokera kukamwetsa mzinda wa Lilongwe, sitinadabwe nazo, pakuti azakhali athu anaiyamba kale ntchitoyi popanda kompyuta.

Taonani mnyamata wofunsira mbeta, amene wajambulitsa atatsamira galimoto yoyera pamsika wa Mitundu, jekete la pa kaunjika lili pathupi, nalemba pansi pake kuti Yehova wamkumbukira. Azakhali a namwaliyo, foni ili pamphuno, sasamala za nkhope ngakhale galimoto. Amakuza chithunzicho ndi zala ziwiri kuti aone ngati makiyi ali m'dzanja, ngati nsapato zilibe fumbi la munthu wobwera wapansi kuchokera ku Nathenje, ndiponso ngati m'galasimo simukuoneka mwini galimoto akukukuta chimanga chootcha, kudikira kuti mlendoyo amchokere. Akatha amagamula mlandu mwachidule: "Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Ameneyu pa WhatsApp amaoneka usiku wokha, bandulo ikatsika mtengo."

Koma tsoka kwa iye amene anthu amkhulupirira! Mwana wa kuno akangoonetsa mbale ya nyama ali ku Joni, dzuwa lisanalowe mauthenga amfika: msuweni alibe feteleza, kwa amalume denga likudontha, amayi a banki mkhonde akumbukira ngongole yakalekale, ndipo onsewo atumiza nambala ya Airtel Money kapena Mpamba asanafunsidwe.

Chifukwa chake eni chuma enieni, amene mabelo awo a fodya amapita ku Kanengo chaka ndi chaka, ng'ombe zili thithithi m'khola, anaphunzira kuchenjera monga njoka. Pa Facebook pawo simudzapezapo ngolo, malata kapena chigayo. Mudzangopeza chithunzi chimodzi chachimbuuzi chojambulidwa pamaliro, ndi vesi la m'buku la Yobu. Mkulu wina wotere, mwini zigayo ziwiri, mlungu uliwonse amalemba kuti zinthu zathina, abale tipemphererane. Ndipo mwezi wathawu amayi a chigwirizano, atagwidwa chifundo, anampititsira nkhuku ndi lichero la ufa wogayitsa kuchigayo chake chomwe, iye nalandira ndi manja awiri.