Tsiku limene ndinakapa mpweya m'boti

Munthu wobadwira ku Nkhotakota sauzidwa za bwato. Ndi mtima umenewo umene ndinapita nawo kukaona boti la matanga limene linkagulitsidwa motchipa pafupi ndi Portsmouth, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Linali Westerly Centaur, mtundu wa maboti otalika pafupifupi mamita 8 amene anapangidwa ambirimbiri ku England kuyambira 1969 mpaka 1980. M'kati muli pogona, kachimbudzi, ndi chitofu cha gasi cholendewera pa tizitsulo tiwiri kuti poto asagwe nyanja ikawinduka. Mwini wake anandionetsa matanga, injini ndi nangula, ine n'kumagogoda m'mbali, n'kumagwedeza mutu. Za gasi ndinangofunsa kuti, "Chimayaka?" Chinayaka. Ndinalipira.

Mayi a kunyumba ataliona anangoti, "Bambo, ndalama ya njerwa ija ndi imene ikuyandamayi?"

Ndikukonza botilo, ndinatsekula kabokosi ka kumbuyo komwe kumakhala silinda ya gasi. Pansi pake ndinapeza bowo lotulukira kunja, pamwamba pang'ono pa madzi. Ndinaseka Azungu. Kwathu bowo lililonse pa bwato timamata, ndipo mwana wa msodzi amaphunzira zimenezi asanadziwe kulemba dzina lake. Ndinang'amba malaya akale, n'kutsendera nsanza m'bowomo mpaka gwaa.

Kenaka kunadza chisanu. Ndinaitana alamu anga kuti adzadye nsima ya pamadzi, koma moto wa pachitofu unali kamoto kolira, madzi osafuna kuwira. Silinda yanga yabuluu inali ya butane, ndipo butane amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukayandikira madigiri 0, pamene propane, wa m'masilinda ofiira, amapirira mpaka -42. Kusitolo anandigulitsa yofiira pamodzi ndi regulator yake, poti ziwirizi sizibwerekana. Anandifunsanso ngati paipi yanga ya labala ili bwino. Ndinati ili bwino kwambiri. Ndinali ndisanaiyang'ane n'komwe. Paipi zimenezi zimadindidwa chaka chimene zinapangidwa, ndipo ambiri amasintha pakatha zaka 5. Yanga inalembedwa 1998. Poikankhira pa regulator yatsopano, inang'ambika kamng'alu kosaoneka ndi maso.

Moto unabwera wamphamvu ndithu. Vuto linali kuthyakula, chifukwa chitofu cholendewera chimathawa mthiko: ukakankha, poto amapita uko, ukakoka, amabwerera ndi phala lotentha kulunjika pamimba. Alamu anagwira chitofu, ine ndinagwira mthiko, nsima n'kutuluka ya mibulu. Tinadya choncho, tinagona momwemo, silinda osatseka.

M'mamawa alamu anandigwedeza. "Alamu, kodi muno mwafera khoswe?"

Ndinayamba kufufuza machesi kuti ndiike madzi a tiyi, fungolo tilifufuze titamwa. Mwamwayi machesi anali atanyowa. Ndinatuluka kukapempha moto kwa mkulu wina wa boti loyandikana nalo. Atangosuzumira pakhomo la boti langa n'kununkhiza, nkhope inasintha. Anatseka silinda, anatitulutsa, natiletsa kukhudza switchi iliyonse, ngakhale ya nyali.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi munthu amene akumukayikira nzeru. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. M'nyumba akadontha amayenda pansi n'kutulukira pakhomo, koma boti ndi beseni: chimene chimaletsa madzi kulowa ndi chomwecho chimaletsa gasi kutuluka. Amatsikira kunsi kwa matabwa opondapo, pafupi ndi injini ndi mabatire, n'kukhala phee kudikira kamoto. Akangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya, wakwana kuphulika. Anatchula boti lina, Lord Trenchard, limene linaphulika ndi gasi padoko la Poole mu 1999. N'chifukwa chake kabokosi ka silinda kamakhala ndi bowo pansi, kuti gasi wodontha azigwera kunja.

Anawerama kuti andionetse bowolo. Anasolola nsanza ija pang'onopang'ono, mpaka kolala ya malaya inatulukira. Anafunsa kuti ndi chitsiru chiti chinachita zimenezi. Ndinati mwina mwini wake wakale.

Pampu ya magetsi inali yoletsedwa, choncho tinatsekula mazenera onse, iye n'kumapopa ndi pampu ya manja, ine n'kundipatsa ndowa ya pulasitiki. Ntchito yanga inali kutsika, kutunga mpweya kunsi kwa boti, kukwera nawo mosamala kuti usatayike, n'kukakhuthulira m'nyanja. Ndowa yopanda kanthu, bambo wa ana atatu, thukuta lili kamukamu m'chisanu. Anthu odutsa ankaima. Mayi wina anakokera galu wake kutali.

Katswiri wa gasi atabwera anasintha paipi, anaika alamu yolira gasi akadontha, napaka thovu la sopo polumikizira paliponse. Ndalama imene anatchula inamaliza ya malata.

Chimene sindinadziwe n'chakuti alamu anga, ataima patali pa mlatho wa matabwa, ankajambula zonse pafoni, ndipo kanemayo anali atafika kale pa gulu la WhatsApp la kubanja. Madzulo amayi anaimba kuchokera kumudzi. Za boti sanafunse. Anafuna kudziwa kuti zinandiyamba liti, ndiponso ngati kuno kuli abusa odziwa kupempherera zoterezi.